Walira Dengu, Walira Dimba

Ana anga, inu amene mwadzaza m'maofesi a pa Boma ku Petauke, inu aphunzitsi, anamwino a ku Kalindawalo ndi ku Minga, apolisi, a kukhonsolo, ndi inu a mashopu a m'mbali mwa msewu pa Nyimba, sendezani mipando kuno, pakuti ndili ndi nkhani yokhudza mphika wanu. Ndimakuonani dzuwa likapendeka, mukutuluka ku ntchito nsapato zili fumbi lokhalokha, foni ili kukhutu, mwana wina akudikira kusukulu, wina akulira kunyumba, ndipo pofika pamsika mumapeza repu uja anathyoledwa mbandakucha wagona kale pathebulo, wawazidwa madzi kangapo kuti aoneke wamoyo, ndipo inu, poti mdima sudikira munthu, mumangotola mpukutu umene dzanja lagwerapo, kuonjezapo matimati atatu ndi kapaketi ka soya, n'kuthamangira kumbaula. Mawa chimodzimodzi, mkuja chimodzimodzi. Ulesi mulibe, zimenezo ndikudziwa. Amene anakulipirirani sukulu ankafuna kuti mugwire cholembera, ndipo mwachigwiradi. Koma mimba siidziwa kuti mwini wake ali ndi mapepala, imafunsabe funso lomwe lija inkafunsa kwa agogo anu: lero nsima tidyera chiyani?

Tsono tembenukani muyang'ane kumene ndiwoyo yachokera. Kumadambo a kwa Nyamphande, kwa Mumbi, kwa Ndake ndi kwa Nyalugwe kuli mnzanu wina amene tambala amamupeza ali kale kudimba, ndowa ziwiri m'manja, akutunga pachitsime chimene anakumba yekha, atatchinga ndi minga kuti mbuzi ndi ng'ombe za m'mudzi zisamalize thukuta lake usiku umodzi. Kulima amakudziwa kuposa ife tonse. Chimene chimamugwetsa n'chakuti matimati ake akapsa, a mnansi wake apsanso, a tsidya lija apsanso, poti onse anafesa sabata imodzi madzi a m'dambo atangotsika, ndipo wamalonda akabwera ndi kagalimoto kake n'kutchula mtengo, mlimi amayang'ana mabokosi, amayang'ana dzuwa, n'kuvomera, chifukwa matimati sadziwa kudikira. Mwawaona amayi a nthochi pa Nyimba mmene amathamangira basi ya ku Lusaka kapena ya ku Chipata, beseni lili m'mwamba. Wapaulendo amanenerera ali pawindo, mtima uli m'malo, podziwa kuti dalaivala waliza kale injini ndipo mayiyo sangabwerere nazo kunyumba nthochi zakupsa. Ndalama ya chimanga, ya mtedza ndi ya thonje imadza kamodzi pachaka, ndipo imakhala ndi eni ake ambiri isanafike n'komwe: yunifolomu, malata, chipatala, maliro. Pofika Okutobala, pamene mbewu ikufunika, pamene ndalama yosonkha pa feteleza wa FISP ikufunika, thumba limakhala lili pululu, ndiye munthu amagogoda kwa wakatapila, kapena mvula ikagwa amakapalira munda wa wina pa ganyu, wake ukumera udzu.

Ndiye onani mmene takhalira: kuno kuli wa ndalama wopanda nthawi, uko kuli wa nthaka ndi manja wopanda ndalama pa mwezi umene ndalama ili ndi ntchito, pakati pawo pali mtunda woti njinga imautha dzuwa lisanatenthe, koma sadziwana ngakhale dzina. Kali kokha n'kanyama, ana inu, tili tiwiri n'tianthu.

Nzeru imene ndikufuna kukuuzani inapsera kutali, koma paja mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa. Ku Japan, m'chaka cha 1965, amayi apabanja pafupifupi 200 a mumzinda wa Tokyo anagwirizana zogula mkaka pamodzi, ndipo gulu lawolo, Seikatsu Club, lilipo mpaka lero. Inali nthawi imene anthu a dzikolo anali ndi mantha ndi poizoni wa m'mafakitale ndi mankhwala a m'minda, atamva za ku Minamata kumene anthu anapuwala ndi kufa atadya nsomba za m'madzi oipitsidwa. Mu 1971 kunakhazikitsidwa bungwe la ulimi wosadalira mankhwala, ndipo m'menemo munakula mchitidwe umene eni ake amautcha teikei, woti banja la m'tauni ligwirane chanza ndi mlimi, mlimi azilima, banjalo lizilandira zimene munda wapereka, mtengo azikambirana maso ndi maso. Pafupi ndi Geneva, ku Switzerland, dimba la Les Jardins de Cocagne linayamba zofananazo mu 1978. Ku America zinamera mu 1986 pa minda iwiri, Indian Line Farm ku Massachusetts ndi Temple-Wilton Community Farm ku New Hampshire, ngakhale kuti zisanafike pamenepo mphunzitsi wina wakuda wa ku Tuskegee, Booker T. Whatley, anali akulangiza kale alimi ang'onoang'ono kuti azisonkhanitsa mabanja a m'tauni olipira umembala pachaka, oti azibwera okha kumunda kudzathyola. Munthu ameneyu ankaganizira alimi akuda amene ngongole za boma ndi za mabanki zinkawalambalala, ndipo anaona kuti banki ya mlimi wosauka ingathe kukhala anthu amene amadya zimene iye amalima.

Kayendedwe kake n'kosavuta. Mabanja angapo, tinene khumi, amapita kwa mlimi mmodzi kapena kagulu ka alimi nyengo isanayambe, n'kukhala pansi kuwerengera kuti mbewu, manyowa, mafuta a pampu, mpanda ndi thukuta la mlimiyo zidya ndalama zingati. Ndalamayo amagawana, amalipira kusanafesedwe kanthu, kaya yonse kaya m'zigawo, ndipo zokolola zikayamba, sabata iliyonse pa tsiku lodziwika dengu limafika pamalo odziwika, banja lililonse n'kutenga gawo lake. Simusankha kuti lero ndikufuna ichi. Mumalandira chimene nthaka yatulutsa sabata imeneyo. Munda ukabereka mosefukira, dengu limasefukira. Munda ukakana, dengu limapepuka. Mawu awiri omalizawa muwasunge, tiwapezanso kutsogoloku.

Pamenepa ndikuona ena mukumwetulira, mukuti, "Amalume, nanga si zomwe timachita kale?" Eya, mwalasa. Ndani mwa inu sanatumizepo ya matumba awiri a feteleza kumudzi mu Novembala, pa Airtel kapena pa MTN, kuti mu Juni matumba a chimanga ndi a mtedza akwere basi kupita ku Lusaka, ku Mtendere, ku Kalingalinga, ku Chawama? Makolo athu anali ndi dima, pamene mudzi wonse unkalima munda wa munthu mmodzi tsiku limodzi, mowa kapena thobwa zili pamthunzi, mawa n'kupita kwa wina. Inu nomwe muli m'chilimba, mumapereka ndalama kwa mnzanu mwezi uno pokhulupirira kuti mwezi wanu udzafika. Ndipo mayi aliyense wa pamsika ali ndi kasitoma wake amene amamubisira matimati abwino kunsi kwa thebulo n'kumuikira mbasela osapempha. Kupatsa n'kuika, zimenezo sitinaphunzire kwa mlendo.

Koma tiuzane zoona, poti tili tokha m'nyumba muno. Za feteleza wa kumudzi zija zadanitsa abale angati? Wa m'tauni amatumiza, mumtima atawerengera matumba khumi, pakamwa osatchula. Wa kumudzi amalandira, mumtima akuti mwana wathu watikumbukira, ndi mphatso. Mu Juni kukafika matumba atatu, foni imayamba kulira osayankhidwa, ndipo pamaliro otsatira anthu a mimba imodzi amakhala wina uku wina uko, aliyense akudandaulira mkazi wake. Chibale ndi fupa, sichiola, koma chimathyoka, ndipo chimachedwa kulumikizana. Chinawadanitsa si umbombo kwenikweni, ndi manyazi, chifukwa kwathu kuno kutchula nambala kwa mbale wako kumaoneka chipongwe, ndipo mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chimene alendo aja anaonjezera pa nzeru imene tinali nayo kale n'chaching'ono koma n'cholemera: iwo amanena zonse poyera kusanafesedwe, amalemba, ndipo amachita zimenezi ngakhale ndi munthu amene si mbale wawo.

Nanga banja lotanganidwa lipindulanji? Choyamba chimene chimabwerera m'nyumba ndi nthawi ya madzulo, ndipo pamodzi ndi nthawiyo mutu umapepuka. Inu abambo mwina simudziwa kulemera kwa funso la ndiwo, chifukwa ambiri mumalipeza litayankhidwa kale m'mbale, koma funsani mayi amene ali m'kalasi kapena m'wodi kuyambira m'mawa, akuuzani kuti limayamba kumuluma nthawi ya nkhomaliro, limamutsata pamsonkhano, limakwera naye njinga yamoto. Dengu likamafika Loweruka lililonse, funsolo limakhala layankhidwa sabata yonse: repu ndi mpiru adyedwe msanga poti safuna kugona, kabichi ndi maungu adikire Lachinayi, nyemba zinyikidwe usiku, therere ndi la tsiku limene mwatopa poti silichedwa pamoto. Ndipo dengu lotere mwamuna angathe kukalitenga, mnyamata wa sukulu angathe kukalitenga, popeza palibe zonenerera kapena zosankha zimene mayi angaope kuti awapusitsa. Mukukumbukira chaka cha 2024 madzi atachepa ku Kariba, magetsi akuzima pafupifupi tsiku lonse, mafiriji atasanduka makabati? Amene ankadalira kugula zambiri n'kusunga anataya chakudya; ndiwo yothyoledwa m'mawa womwewo, kandolo, maungu, mtedza ndi mfutso sizinafunsepo za magetsi chiyambire.

Za ndalama ndisakunamizeni kuti dengu limatchipa nthawi zonse. Mu Julaye, madimba onse akasefukira, pamsika mudzaona matimati otchipa kuposa amene munalipira, ndipo mtima udzakuuzani kuti mwaluza. Dikirani Febuluwale, mvula itaononga matimati m'minda, atatu okha akugulidwa mtengo wa mulu wonse, mudzaone amene waluza. Ubwino wake weniweni uli poti mumalipira pamene malipiro angolowa, ndalama isanapeze njira zake zina, ndipo pakati pa mwezi, masiku aja amene aphunzitsi amayenda pang'onopang'ono podutsa pa butchala, ndiwo imabwerabe osafunsa kuti mwalandira kapena ayi. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndalama imene yasanduka kale mbewu m'nthaka palibe mlamu angabwere kudzaibwereka.

Pali china chimene chimandikhudza kwambiri ine, ndicho ana anu, adzukulu angawa. Ndawaona ena afika giredi 7 osadziwa nzama, osadziwa kuti khobwe ndi chitambe n'za mtengo umodzi, akuyesa kuti bonongwe ndi udzu wa nkhumba. Sindiwadzudzula, mwana amadya chimene chili m'mbale, ndipo m'mbale mumalowa chimene chinali pafupi ndi dzanja la mayi wotopa. Dengu la mlimi limayenda ndi nyengo, ndipo nyengo ndi mphunzitsi wabwino wa kadyedwe: m'dzinja nkhwani, therere, bonongwe, luni, chimanga chachiwisi; m'masika maungu, mtedza, nyemba, nzama, kandolo; m'chilimwe za kudimba, repu, mpiru, kabichi, anyezi; kukatentha mango; nthochi za ku Nyimba chaka chonse. Mwana amene wakula akudya motere thupi lake limalandira zosiyanasiyana popanda wina kumuwerengera za m'buku, ndipo tsiku limene mwamutenga kukaona dimbalo, n'kumupatsa ndowa kuti athirire mzere umodzi, amabwerera akudziwa kuti ndiwo ili ndi mwini, ili ndi msana umene unawerama. M'mera m'poyamba.

Ndiponso mudzadziwa chimene chapoperedwa pa zimene mukudya. Kuyambira 2016, pamene kambozi kotchedwa Tuta absoluta kanalowa m'matimati a dziko lino, ndipo ntchemberezandonda zinalowa m'chimanga kumapeto kwa chaka chomwecho, alimi ambiri akhala akupopera kawirikawiri kuposa kale. Pa botolo lililonse la mankhwala pamalembedwa masiku oyenera kudikira musanathyole, koma mlimi amene wamalonda wamuimbira kuti galimoto ibwera mawa, ndipo ali ndi ngongole pakhosi, amawerenga masikuwo ndi diso limodzi. Akugulitsa kwa munthu amene sadzamuonanso, ndipo zikadyedwa ndi ana amene sadzawadziwa. Koma ngati amene adye kabichiyo ndi mwana wa aphunzitsi amene anabwera kudimba mwezi watha n'kumutcha agogo, dzanja limazengereza pa botolo. Inunso muli ndi pakamwa pofunsira kuti mwathira chiyani, liti. Safunsa anadya phula.

Tsopano tibwerere ku mawu aja ndinati musunge, pakuti pamenepa ndi pamene pagona nkhani, ndipo ndi pamene ambiri amatembenukira. Walira mvula walira matope. Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse. Mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga amene anabzalidwa, pafupifupi miliyoni imodzi inapserera, ndipo maboma 84 mwa 116 anakhudzidwa. Inu a kuno simufunika kuuzidwa, munaona chimanga chikufota chitangomasula ngayaye, ndipo amene ali ndi madimba anaona madzi a m'zitsime akuthawira pansi nthawi yake isanakwane. Chaka chotere chikadzabweranso, ndipo chidzabwera poti chakudza sichiimba ng'oma, dengu lanu lidzafika lopepuka, sabata zina mudzangokhala mpiru wochepa ndi anyezi owerengeka. Tsiku limenelo mtima wa munthu wa pa Boma umalankhula msanga: ndinalipira, andibwezere. Mukatero, dziwani kuti chimene munapangana sichinali mgwirizano, inali ngongole yovala malaya a ubwenzi, ndipo mwangokhala wakatapila wina wodziwa kumwetulira. Chikondi cha nkhwangwa chimakoma pokwera. Ukatsika mumtengo umaiponya pansi.

Ndikudziwa kuti n'zowawa kulipira chinthu n'kulandira theka. Koma taganizani bwino, inu amene malipiro anu amabwera mvula igwe isagwe. Mukakhala pamsana pa njovu musamati kunja kulibe mame. Chilala cha 2024 munachilipira ndithu, munachilipira pa thumba la ufa, pa meda ya nyemba, pa makala, pa abale amene anabwera kudzakhala nanu "masiku ochepa". Chilala palibe amachizemba, kusiyana kuli poti ndalama yanu ikathera kuti. Ikathera pamsika, mlimi uja amakhala atasenza yekha tsoka lonse, amagulitsa pampu, amagulitsa ng'ombe yolimira, ndipo chaka chamawa mumamupeza waimika matumba a makala m'mbali mwa Great East Road pakati pa Nyimba ndi mlatho wa Luangwa, dimba litamera tsekera, nkhalango ikutha, mvula n'kumathawirathawira. Koma tsoka lomwelo likagawidwa pa mabanja khumi, lililonse limamva kutsina kokha, mlimi amakhalabe ndi zida zake, ndipo mvula ikabwerera amafesa sabata yomweyo. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga la chilala ndi lolemera kuposa onse. Mnzako akapsa ndevu m'zimire. Inu a pa Boma ndevu zanu zimapsa pa mtengo wa chakudya, ndipo amene angakuzimireni ndi yemweyo amene munamusunga m'munda.

Musaganize kuti ndikukalipira a m'tauni okha. Bwerani kuno inunso alimi, ana anga a makasu, poti mbiri yanu ndikuidziwa. Makampani a thonje akhala akubwereketsa mbewu ndi mankhwala m'chigawo chino zaka zambirimbiri, ndipo chaka chilichonse pamakhala ena amene thonje likayera amaligulitsa usiku kwa wina amene waonjezera pang'ono, n'kumauza amene anawakongoza kuti munda unakana. Mudzati makampaniwo nawonso amatchula mtengo okha, ndipo pamenepo muli ndi mfundo. Koma mphunzitsi amene wakupatsani gawo la malipiro ake mu Seputembala si kampani. Wachotsa pakamwa pa ana ake. Tsiku limene matimati adzakwere mtengo, wamalonda n'kuima pa dimba lanu ndi ndalama m'manja, mudzayesedwa kuti mumupatse abwino onse, m'dengu la aphunzitsi muike obooka ndi ofota. Mukatero mwadya tsiku limodzi n'kugulitsa zaka khumi, popeza pa Boma anthu ndi ochepa ndipo nkhani imayenda msanga kuposa njinga yanu. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo chaka cha mwanaalirenji, munda ukabereka mopitirira, dengu lisefukiredi, chifukwa amene wavomera kugawana nanu njala ali ndi gawo pa zochuluka.

Kuti mlimi wa kuno amasunga pangano akapeza wogula wosathawa, umboni ulipo pakhomo pomwe. Bungwe la COMACO, limene Dale Lewis analiyambitsa mu 2003 m'chigwa cha Luangwa, limagwira ntchito ndi alimi a m'maboma athu ano. Limagula mtedza, soya, mpunga ndi uchi, n'kuzigulitsa m'mashopu a m'mizinda pa dzina la It's Wild!, ndipo alimi ake amalonjeza kusamala nthaka, kubzala mitengo ya gliricidia m'minda ndi kusiya kupha nyama za m'tchire. Anthu amene ankakhalira misampha ndi mfuti anazipereka okha ataona kuti khasu lili ndi msika. Zimenezo n'za bungwe lalikulu, zili ndi magalimoto ndi mafakitale, pamene zimene ndikunena ine n'za mabanja khumi ndi dimba limodzi. Koma muzu wake ndi womwewo, kuti munthu akadziwa amene adzagule asanafese, amalima ndi mtima wina, amayesa mbewu zina, saopa kubzala mizere iwiri ya ichi ndi iwiri ya icho m'malo modzaza dimba lonse ndi matimati n'kumapemphera.

Tizovuta ting'onoting'ono tilipo, ndipo ndi timeneti timene timagwetsa zinthu zabwino, osati zikuluzikulu. Padzakhala mwezi umene kabichi adzabwera sabata zinayi zotsatizana mpaka ana adzayamba kumuyang'ana ndi diso la chidani. Pamenepo mufunika kukumbukira kufutsa, kusinthana ndi mnansi, ndi kumuuza mlimi mwaulemu kuti chaka chamawa afese mosiyanitsa masabata. Padzakhala sabata imene muli ku msonkhano ku Chipata, dengu n'kufika pakhomo popanda munthu. Ogwira ntchito za boma amasamutsidwa pakati pa chaka, ndiye gawo la amene wapita ku Lundazi litengedwe ndi yani? M'dzinja mitsinje imadzaza, njinga siwoloka. Ndipo padzapezeka mmodzi m'gulu, sasowa, amene adzayamba kulankhula ndi mlimi ngati wantchito wake, kumuimbira usiku, kumutuma nkhuku ndi makala zimene sizinali m'pangano, poganiza kuti ndalama yake inagula munthu. Ameneyo anzake amukhazike pansi msanga, chifukwa mlimi wa kwathu sayankha mwano, amangoti "chabwino, bwana," ndipo chaka chamawa simumuonanso.

Mundifunsa za mayi wamasiye wa m'komboni, amene alibe malipiro a pamwezi oti alipiriretu, kuti kodi zimenezi si za anthu a mataye okha? Funso limeneli ndi labwino, ndipo ena analiganizira kale. Pa munda wa Temple-Wilton uja, alimi amaika poyera ndalama zimene munda udye chaka chonse, ndipo banja lililonse limalonjeza monga mwa mphamvu zake, wina zambiri wina zochepa, mpaka zitakwana, koma onse amatenga chakudya monga mwa kusowa kwa nyumba yawo. Ife amene timasonkha pamaliro aliyense monga akuthera, wina nkhuku wina mbale ya ufa, sitingalephere kumvetsa zimenezo. Wopanda ndalama angathe kulipira ndi manja, kuthirira Lachitatu, kunyamula madengu Loweruka, kapena kulandirira anzake pakhomo pake, ndipo gawo lake likhale lofanana ndi la a hedimasitala.

Mukafuna kuyesa, musayambe ndi chikwangwani, komiti ya anthu khumi ndi awiri ndi dzina lalitali la Chingerezi. Tsokonombwe anatha mtunda ndi kudumpha. Yambani mabanja asanu kapena asanu ndi limodzi amene mumadziwana kale, a pasukulu imodzi, a mumpingo umodzi, a m'chilimba chimodzi, ndipo mlimi mumufunse kwa alangizi a zaulimi a m'dera lanu kapena kwa mayi uja amakuikirani mbasela, poti iye amadziwa dimba limene chitsime chake sichiphwa mu Okutobala. Pitani mukalione ndi maso anu, mulonjere anyakwawa, mukhale pamphasa. Nyengo yoyamba ikhale yaifupi, miyezi itatu ya dimba, kuti muonane mitima. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ngati mukufuna za m'dzinja, nthawi yokambirana ndi Seputembala kapena Okutobala, masiku a mwambo wa Tuwimba kwa Kalindawalo pamene ambiri mumabwera kumudzi, mitambo isanayambe kusonkhana, chifukwa ndalama yofika mbewu za ena zitamera yataya theka la ntchito yake.

Ndipo gulani kope la masamba ochepa, mulembemo pamaso pa mboni ya mbali zonse ziwiri, m'chinenero chimene mlimi amawerenga: ndalama zingati, zilipiridwa liti, mbewu ziti, dengu lifika tsiku liti ndipo pakhomo pa yani, chilala kapena matalala zikagwa mudzagawana bwanji, zikachuluka mlimi angagulitse zingati kunja. Kope limodzi likhale kudimba, lina pa Boma. Musaiwale kulembamo za maliro, poti kwathu kuno maliro amaimitsa khasu masiku angapo, ndipo mutchuliretu amene adzathyole ndi kunyamula dengu sabata imene mlimi ali kusiwa.